Ndege ya a Zuze pa Msewu wa ku Nchalo

Sindinafune kupita. Ndinanena zimenezi pamaso pa Baba, ndipo anandiyankha kuti palibe amene wandifunsa.

Kwathu ndi ku Marka, kumalire, kumene msewu umathera. Sukulu ndinasiyira Fomu 2. Anthu ankati ndili ndi mutu, koma mutu sulipira fizi. Chaka chimenecho thonje litagulidwa, Baba anapita ku Nsanje ndi ndalama za fizi yanga n'kubwerako ndi dayinamo ya lole yakufa, ataifungata m'thumba la feteleza ngati khanda. Anasema mapiko atatu a mtengo, anachotsa tcheni ndi magiya pa njinga yawo, anadula mchira wa lata, n'kuimika zonsezo pamwamba pa paipi kuseri kwa nyumba. Mphepo ikawomba mapiko ankazungulira, dayinamo n'kudzaza batire, batire n'kuyatsa babu limodzi. Ankati achita zimenezi chifukwa cha Mai, amene utsi wa koloboyi unkawatsokomoletsa. Baba ankazitcha makina a mphepo. Mudzi wonse unkati ndege ya a Zuze, ndipo ine ndinali mwana wa a pailoti.

Ulendowu anaukonza ndi malume Tchale, mlonda wa pachipata ku esiteti ya nzimbe ku Nchalo. Kumeneko kunali a Likongwe, mkulu wa zamagetsi, amene chaka ndi chaka ankatenga anyamata angapo n'kuwaphunzitsa ntchito. Ankatenga okhala ndi satifiketi. Ine ndinalibe. Baba anati makinawo ndiwo satifiketi yanga: munthu wodziwa akangowaona akuzungulira, adziwa kuti pakhomo pathu pali manja. A Likongwe anali atavomera kutiona Loweruka m'mawa, asanaweruke masana. Sabata yotsatira akhala atasankha kale anyamata awo. Ntchitoyo ndinkaifuna, ndisaname. Ndinali nditatopa ndi kupalira thonje la eni ake. Chimene sindinkafuna n'kuyenda chigwa chonse nditasenza chinthu chimene ana a kwathu ankachigenda.

Tinafika pasiteji Lachinayi m'mawa, Baba atavala jekete la kutchalitchi, ine nditasenza paipi. Basi inabwera, kondakitala anatsika, anazungulira katundu wathu kawiri, n'kunena kuti basi yake sinyamula zigayo. Baba anayamba kufotokoza za mphepo. Basi inanyamuka akufotokozabe. M'basimo munali anyamata awiri amene ndinali nawo kalasi imodzi, akubwerera kusukulu. Mmodzi anandibayibitsa pawindo. Ndinayang'ana pansi.

Tinakhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa linakwera. Kenako kunabwera lole ya thonje yopita ku Bangula. Dalaivala wake, a Faifi, anali munthu wamimba, wosavala malaya, wotafuna nzimbe. Anati anthufe tilipire ngati anthu, makinawo alipire ngati mbuzi ziwiri. Baba anakana mawu oti mbuziwo, osati mtengowo. Tinakwera pamwamba pa mabelo a thonje. Kumeneko tinapeza mai Dorika, ogulitsa mlamba wowamba, ali ndi madengu awiri ndi pakamwa posatseka. Atangoona mapiko anafunsa ngati tiuluka kapena tiyenda pansi, chifukwa iwo alipira ya pansi. Baba anaseka nawo. Chinkandipweteka kwambiri n'chimenecho. Anthu akawaseka, iwo ankasekanso, ngati apatsidwa moni.

Loleyo inalibe batire lamoyo. Inkalira ndi kukankhidwa. Choncho a Faifi sankazimitsa injini pena paliponse, ndipo tikaima utsi wakuda unkatikwerera pamwambapo n'kulowa mu nsomba za mai Dorika. Iwo ankati palibe kanthu, mlamba ukuwambikanso kachiwiri, akweza mtengo.

Polowa m'boma la Nsanje panali mtengo wopingasa msewu, ndi anyamata a malaya ofiira ofunsa makhadi a chipani. Athu tinali nawo. Koma masiku amenewo kutsidya kunali nkhondo, ndipo chilichonse chochokera kumalire chokhala ndi mawaya chinali mlandu. Mmodzi wa iwo, wamng'ono kwa ine, anakwera pamabelo, anagwira mchira wa lata n'kunena kuti iyi ndi wayilesi yolankhulira ndi zigawenga. Anatitsitsa. Anatsitsanso makina. Baba anavula chipewa pamaso pa kamwanako, n'kumakatchula kuti bwana. Anamasula thumba, anaonetsa dayinamo, anazunguza mapiko ndi dzanja. Anthu a pamsika anasonkhana. Ine ndinaima pambali ngati sindikuwadziwa, mpaka mnyamatayo anafunsa kuti uyo ndani, Baba n'kuyankha mokweza kuti ndi mwana wanga, ndiye injiniya wake. Gulu lonse linanditembenukira. Ndinali nditavala kabudula wa yunifomu ya sukulu imene ndinasiya.

Nkhaniyo inatha mai Dorika atapereka milamba ingapo, ndipo Baba atagula khadi lina, loti n'la makinawo, popeza akhala pamalo a munthu. Mai Dorika anati tsopano ndegeyo ili ndi khadi, ikhoza kulowa mumsika.

Kuchoka pa Nsanje msewu unali wafumbi ndi wamabampu. Tinadutsa Tengani, tinanyamula abambo ena ndi nkhuku, tinawatsitsa. Tisanafike pa Phokera pali kamtsinje kouma kamene msewu umadutsa mumchenga. A Faifi analowamo akusimba nkhani, anachedwa kusintha giya, injini inatsokomola n'kuzima. Kunangoti zii.

Tinatsika kukankha. Lole yodzaza thonje, mumchenga, pamalo opanda chitunda ngakhale cha chiswe. Tinakankha kutsogolo, tinakankha kumbuyo. Anthu a m'mudzi wapafupi anabwera, anakankha nawo, anatopa, anakhala pansi n'kumationera. A Faifi anapempha batire lathu. Linali lokalamba, loyatsira babu, osati lolizira lole. Analiyesabe, linangoti kho, basi. Anakhala pamthunzi wa lole n'kunena kuti tidikira galimoto ina. Panadutsa ngolo ya ng'ombe. Panadutsa wansembe pa njinga yamoto, amene anatidalitsa osaima.

Inali nyengo ya mwera. Dzuwa litapendeka unayamba kuwomba kuchokera kummwera, ukunyamula mchenga ndi timathonje. Ndinaona Baba akudzutsa mutu ngati galu wamva fungo, ndipo ndinadziwa chimene chikubwera. Ndinawauza mwakachetechete m'Chisena kuti asatero, anthu atiseka mokwanira. Anandiyankha kuti nyamula paipi.

Tinamangirira paipi ku zitsulo za m'mbali mwa lole, tinakweza dayinamo, tinamanga mapiko, kuti tidzaze batire la lole. A Faifi anavomera chifukwa analibe chochita china. Mapiko anagwedera, anazengereza, kenako anathamanga, tcheni n'kumalira. Apa ntchito inakhala yanga, ndipo ndiyenera kuifotokoza. Dayinamo ya lole imakhala ndi kachipangizo kodula magetsi kokha. Ka ife kanafera limodzi ndi lole yake. Ndiye mphepo ikakhala yamphamvu, waya uyenera kukhudza batire kuti lidzaze. Ikangofooka, uyenera kuchotsedwa msanga, apo ayi magetsi amabwerera m'mbuyo: batire limayamba kuzunguza mapiko lokha, n'kudya zonse zimene linalandira. Munthu wongoyang'ana amaona ngati makina akugwira ntchito, pamene akudzidya. Kuyambira pamene ndinasiya sukulu, ntchito yanga pakhomo inali imeneyo, kukhala pansi pa paipi ndi waya m'manja, kumvetsera tcheni. Anzanga ankaphunzira za mitsinje ya ku Ulaya, ine ndikulondera mphepo.

Ndinakhala mumchenga, waya m'manja. Mwera ukati ubwere, ndigunditsa. Ukati upume, ndichotsa. Ana anandizungulira. Mai Dorika anayala chitenje n'kuyamba kugulitsa nsomba kwa odzaonerera, akuwauza kuti kuonera ndege n'kwaulere kwa ogula okha. A Faifi ankabwera kawirikawiri kufunsa ngati ladzaza, Baba n'kumati nkhabe, ayi, dikirani. Ankafunsa kuti lidzaza nthawi yanji, Baba n'kumaloza kumwamba. Mchenga unandilowa m'maso, m'mano, m'makutu. Zala zinachita dzanzi.

Dzuwa lili pafupi kulowa, Baba anati yesani. A Faifi anakwera, anapotokola kiyi. Injini inabuula kamodzi, kawiri, n'kulira. Utsi unatuluka wochuluka ngati akuwotcha matayala, ndipo Baba anaima pakati pake penipeni, jekete lili mbuu, akutsokomola, akuseka. Anthu anaomba m'manja. Mai Dorika anawapatsa mlamba waukulu n'kuwatcha achimwene. Ine ndinamasula zingwe. Ndinkadziwa chimene enawo sankadziwa, kuti mphepo yotere kwathu imabwera miyezi yozizira yokha, ndipo theka la tsiku linali litapita kuti injini ilire kamodzi.

Tinagona pakhonde la sitolo ku Bangula. M'mawa a Faifi anakalowa pamzere wotsitsa thonje, mai Dorika analowera kumsika, ndipo mboni zathu zonse zinathera pomwepo. Lachisanu lonse linapita tili m'mbali mwa msewu. Magalimoto ankaima, ankaona paipi, ankapita. Tinadya mlamba uja ndi chinangwa. Baba ankauza aliyense woima pafupi za dzulo, ndipo nkhaniyo inkakula. Pofika masana, m'nkhani yawoyo lole inali italira patangotha kanthawi kochepa. Sindinawatsutse. Ndinangosuntha n'kukakhala patali.

Madzulo tinapeza malo m'galimoto yonyamula zikopa za ng'ombe yopita ku Ngabu. Za fungo lake sindinena. M'mbali mwa msewu munali mitengo ya magetsi, mawaya akutsika ndi kukwera. Baba ankawatsata ndi maso. Anati tsiku lina mudzi uliwonse udzakhala ndi makina ngati athu, onse akuthira magetsi m'mawaya amenewo ngati timitsinje tothira mu Shire, ndipo palibe mkazi adzatsokomole ndi utsi. Ndinafunsa kuti nanga mawaya onsewo adzawagwirira ndani mphepo ikaleka. Anati ndili ndi mtima wa agogo anga aamuna, amene anakana kukwera sitima mpaka kufa.

Loweruka tinalawira, tinakwera thirakitala ya anthu odula nzimbe, tinafika ku Nchalo dzuwa lisanatenthe. Chinthu choyamba chimene ndinaona ndi utsi wa fakitale. Unkakwera chilili, wowongoka ngati mlongoti, osapendekera kulikonse. Baba nawonso anauona. Anakonza jekete.

Malume Tchale anatilowetsa n'kutiperekeza kuseri kwa shedi ya zamagetsi, kenako anabwerera kuchipata mofulumira, ngati munthu wosiya katundu wokayikitsa. Tinamangirira paipi ku mpanda. Amakaniko ndi anyamata ophunzira ntchito anatuluka, ovala maovolosi abuluu amene ndinkawalota. Anaima mozungulira. Mapiko anangoti duu. Ngakhale masamba a nzimbe sankagwedera.

A Likongwe anali munthu wamfupi, wa kumtunda, wolankhula pang'onopang'ono. Anapatsa Baba moni wa manja awiri. Anayang'ana tcheni, anagwira mapiko, anafunsa amene anawasema, ndipo anati asemedwa bwino. Kenako tonse tinadikira. Baba anasimba za lole ya pa Phokera. Mmodzi wa anyamata aja anafunsa kuti loleyo ili kuti, anzake n'kuseka.

Podikirapo a Likongwe anafotokoza za ntchito yawo, osati monyoza. Anati mapampu awo amakoka madzi mu Shire usana ndi usiku, ndipo magetsi a m'mawaya alibe nkhokwe: amene akupangidwa panopa ayenera kudyedwa panopa, ndipo amene akufunika panopa ayenera kupezeka panopa. Akachepa pang'ono, mapampu amabuula n'kupsa. Magetsi ochokera ku Nkula akadukiza, iwo amaliza mainjini a dizilo, amene amamwa mafuta ngati ng'ombe pachilimwe. Anati akanakonda mphepo, chifukwa ilibe bilu ndipo ilibe utsi. Ola lililonse limene mphepo ingagwire ntchito ndi ola limene dizilo sapsa. Ena olemba mabuku, anatero, akuti utsi wonsewu sutha, ukuunjikana kumwambaku ndipo udzatenthetsa dziko. Ine ndinaganiza kuti munthu wolemba zimenezo sanafikepo ku Nchalo mwezi wa Okutobala. Koma vuto, anapitiriza, n'lakuti mphepo sisainira ntchito. Ukaidalira, injini iyenera kukhalabe pambali, yotentha, yodikira, ndi munthu watcheru woiliza mphepo isanagwe. Ndipo injini yongodikira nayo imafuka.

Baba ankagwedeza mutu pa mawu aliwonse, maso ali pa mapiko.

Wina anaitana a Likongwe kuti kuli lamya. Atangolowa m'shedi, Baba anagwada ngati akumanga nsapato. Ndinaona dzanja lawo likutenga waya n'kuukanikiza pa batire, n'kuupinda kuti usachoke. Ndinati Baba. Sananditembenukire.

Tcheni chinakoka. Mapiko anayamba kuyenda, pang'onopang'ono, kenako mwamyaa, mofanana, mopanda kugwedera kumene mphepo yeniyeni imachititsa. Babu linayaka. Anyamata a maovolosi anasiya kuseka. Wina anaomba m'manja, wina anathamanga kukaitana bwana. Baba anaimirira, anapukuta maondo, nkhope ili gwa. Bambo anga, amene anabweza nkhuku ya eni ake itaikira mazira m'khola mwathu, pamodzi ndi mazirawo.

A Likongwe anatuluka. Anayang'ana mapiko. Anayang'ana utsi wa fakitale. Sanayang'ane pansi pamene panali batire, ndipo ndikuganiza kuti anachita dala. Anayang'ana ine.

"Mnyamata, chikuzunguza mapikowa n'chiyani?"

Baba anayankha msanga kuti kumwambako kuli kamphepo, pansi pano sikamveka.

"Pepani bambo, ndafunsa mwanayu."

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndikanatha kukhala chete. Koma munthuyo ankadziwa kale, ndipo ankadikira kuona ngati ine ndine wabodza kapena mbuli.

"Batire," ndinatero. "Magetsi akubwerera m'mbuyo. Likutha."

Ndinawerama n'kuchotsa waya. Mapiko anazungulira kangapo n'kuima. Palibe anaseka, ndipo kukanakhala bwino akanaseka.

A Likongwe anapitiriza kufunsa ngati palibe chachitika. Makinawa amagwira miyezi iti? Ndinati yozizira, ndi masiku ena mvula ikamayandikira. Miyezi inayo? Ndinati timayatsa koloboyi. Za lole zija n'zoona? Ndinati n'zoona, koma zinatenga theka la tsiku. Ndimadziwa bwanji kuti mphepo ikugwa? Ndinati tcheni chimasintha kulira mapiko asanafooke, ndipo ukadikira kuona ndi maso wachedwa kale. Yankho lililonse linkatuluka lolunjika, ndipo lililonse linkagwera pa Baba, amene anaima pambali panga chipewa chili m'manja.

A Likongwe ananditengera m'shedi ina yakuda ndi mwaye, mmene munali mainjini awiri aakulu. Anandionetsa singano pakhoma imene imatsika magetsi akamafooka. Anati akufuna munthu wokhala pamenepo, womva kulira kwa mapampu singano isanatsike, woliza injini nthawi yake, ndiponso wosanena kuti zili bwino pamene sizili bwino. Anati si maphunziro a zamagetsi enieni ayi, amenewo tidzaona chaka chamawa. Ndiyambe Lolemba. Ndigone kwa malume.

Nditatuluka ndinapeza Baba atatsitsa kale paipi okha. Anyamata aja anali atabwerera ku ntchito. A Likongwe atawauza kuti andilemba ntchito, Baba anapinda maondo, anaomba m'manja mwaulemu, n'kuthokoza m'Chisena kuti takhuta, takhuta bwana, kangapo konse. A Likongwe anawagwira pamkono kuti aimirire, ndipo anati mapiko aja asemedwadi bwino. Kunali kuwapepesa. Baba anamva kuti n'kuwapepesa.

Ndinawaperekeza kumsewu. Ndinafuna kusenza paipi, anati aisenza okha, ndisadetse malaya, ndilibe ena a Lolemba. Ndinanyamula batire. Magetsi ake anali atachepa, koma linali lopepuka m'maganizo mwanga mokha. Tinakhala pasiteji nthawi yaitali kudikira galimoto. Ndinkafuna anditukwane. Ndinali nditakonza kale zowayankha: za fizi, za kabudula, za anzanga a m'basi. Sanandipatse mpata. Anatulutsa chinangwa chotsala, anachinyema pakati, anandipatsa mbali yaikulu.

Kunabwera lole yopanda katundu yobwerera ku Bangula. Tinakweza zonse. Baba anaponda tayala kuti akwere, kenako anatsikanso, anandiyandikira, n'kulankhula motsitsa, maso ali kumbali.

"Wayankha bwino. Ntchito ndi imeneyo."

Ndinati pepani Baba. Anapukusa mutu ngati ndawadula mawu.

"Koma kwa amako ndikanena kuti mphepo inawomba, bwana anaona, n'kukutenga. Ukabwera pa Khirisimasi usakandikonze."

Ndinati sindikakukonzani.

Anakwera, anakhala pansi pakati pa mapiko awo, ndipo lole inanyamuka.